Kagundidwe ka Mtima: Mawu Ofotokozera Matenda Oyambira M'zipinda Zam'mwamba

1. Mawu oyamba

Alembi a nkhani za umoyo, akonzi a mabuku ndi aphunzitsi a sayansi amakumana kawirikawiri ndi mawu a Chingerezi akuti supraventricular tachycardia, amene madokotala amawafupikitsa kuti SVT. Pofuna kupeputsa ntchito, ambiri amangolemba kuti "matenda a mtima" kapena "kuthamanga kwa mtima". Kumasulira kotereku kumataya mfundo yaikulu imene ili m'dzinalo. Dzinali limatchula malo amene vuto layambira mumtima, ndipo kafukufuku wa zaka zoposa 100 wasonyeza kuti malowo ndi amene amadziwitsa dokotala kukula kwa ngozi ndi chithandizo choyenera. M'nkhani ino tifotokoza mmene mtima umagundira, zimene ofufuza apeza, ndiponso mawu a Chichewa amene tikuona kuti angasenze bwino tanthauzo lililonse.

2. Misampha iwiri ya m'chilankhulo chathu

M'Chichewa dzina loti mtima limagwira ntchito ziwiri. Pena limatanthauza chiwalo chopopa magazi, pena limatanthauza maganizo ndi khalidwe la munthu. Zining'a monga kupsa mtima, kutaya mtima, kulimba mtima ndi kukhazika mtima pansi sizinena kanthu za chiwalocho. Tikamva kuti "mtima wa mayi uja uli m'mwamba" timadziwa kuti mayiyo ali ndi nkhawa.

Tsono taonani mmene dzina la matendawa linapangidwira. Supra ndi mawu a Chilatini otanthauza pamwamba pa chinthu. Ventricle ndi chipinda cham'munsi cha mtima. Tachycardia ndi mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kufulumira kwa mtima. Mlembi wofupikitsa zonsezi n'kulemba kuti "vuto la mtima wam'mwamba" wagwa mumsampha woyamba, pakuti wowerenga adzayesa kuti nkhani ndi ya nkhawa.

Chisokonezo chimenechi chimavulaza anthu. M'chaka cha 1997 ofufuza a ku America anafalitsa zimene anapeza kwa odwala 107 amene pambuyo pake anatsimikizika kuti anali ndi SVT. Kwa oposa theka la odwalawo, matendawa sanazindikirike pamene anaonana ndi dokotala koyamba, ndipo theka la iwowa linadikira zaka zoposa zitatu kuti choona chidziwike. Amayi ndi amene anauzidwa kawirikawiri kuposa abambo kuti vuto lawo ndi mantha kapena nkhawa chabe. Ngati zinatero m'Chingerezi, kuli bwanji m'chilankhulo chimene mtima ndi nkhawa zimagona m'chining'a chimodzi?

Msampha wachiwiri uli pa mneni woti kuthamanga. Anthu athu anazolowera kale kutchula matenda a BP kuti kuthamanga kwa magazi, ndipo ena amati kuthamanga kwa mtima. Koma BP ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha, ndipo munthu wa BP yokwera angathe kukhala ndi mtima wogunda modekha. Choncho tikupempha alembi kuti mneni woti kuthamanga asiyidwire matenda a BP, ndipo pa matenda amene tikukamba pano agwiritse ntchito mneni woti kugunda.

3. Mmene mtima umagundira

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba, zimene m'Chingerezi ndi atria, zimalandira magazi. Ziwiri zam'munsi, zimene ndi ventricles, zimakankhira magazi kumapapo ndi kuthupi lonse. Zipindazi zimagwira ntchito mosinthana, monga amayi awiri osinja mumtondo umodzi: musi wina ukamatsika, wina umakhala ukukwera. Mmodzi akafulumiza dzanja mnzake asanachotse musi wake, misi imawombana ndipo chimanga sichikonoleka.

Chimene chimasunga dongosololi ndi uthenga wa magetsi. Awa si magetsi a m'mawaya a m'nyumba. Ndi mphamvu yochepa kwambiri imene minofu ya mtima imadzipangira yokha. Uthengawu umayambira pa kachigawo kakang'ono ka m'chipinda cham'mwamba chakumanja, kamene Arthur Keith ndi Martin Flack a ku England anakafotokoza m'chaka cha 1907. Ukafalikira m'zipinda zam'mwamba, umafika pa kachigawo kachiwiri kamene kali pamalire a zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi. Kameneka kanafotokozedwa m'chaka cha 1906 ndi Sunao Tawara wa ku Japan, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Marburg, m'dziko la Germany. Apa uthenga umaimitsidwa kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kupatsa mpata zipinda zam'munsi kuti zidzaze, kenaka umatsika kudzera m'njira imene Wilhelm His anaifotokoza m'chaka cha 1893.

Tizigawo tiwiriti m'Chingerezi timatchedwa node, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza mfundo ya chingwe. Tikuganiza kuti koyambako kazitchedwa mfundo yoyambitsa, ndipo kachiwiriko kazitchedwa mfundo yapachipata, popeza mumtima wabwinobwino ndi pokhapo pamene uthenga ungadutsire kupita m'munsi. Polemba za m'mene uthengawu umadutsa, tipewe mawu oti mtsempha. Mawuwa amatanthauza kale zinthu zingapo, monga modutsa magazi ndi modutsa mauthenga a kuubongo. Mawu oti njira ndi okwanira.

4. Kugunda, liwiro ndi kagundidwe

Pali zinthu zitatu zimene mlembi ayenera kusiyanitsa. Kugunda ndi ntchito imene mtima umachita. Liwiro ndi kuchuluka kwa kugundako pa mphindi imodzi: munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100. Kagundidwe ndi dongosolo la kugundako, ndiko kunena kumene kukuyambira ndi mmene kukutsatizanira.

Dzina loti kagundidwe lapangidwa monga mayina akuti kayendedwe, kalembedwe ndi kavinidwe, amene amasonyeza mmene chinthu chimachitikira. Choncho mawu a Chingerezi akuti arrhythmia tingawamasulire kuti kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima. Akonzi asamale mgwirizanitsi pamenepa. Timalemba kuti "kugunda kwa mtima" koma "kagundidwe ka mtima". Kulemba kuti "kagundidwe kwa mtima" ndi kulakwitsa.

Sikuti mtima uliwonse wogunda mofulumira uli ndi kagundidwe kosokonekera. Munthu akathamanga, akachita mantha, akatentha thupi ndi malungo, akachepa magazi, akakhala ndi pakati kapena chithokomiro chake chikamagwira ntchito mopyola muyeso, mfundo yoyambitsa imawonjezera liwiro poyankha zofuna za thupi. Liwiro lotere limakwera pang'onopang'ono n'kutsikanso pang'onopang'ono, ndipo chofunika kuchiza ndi chimene chaliyambitsa. SVT imadziwika ndi khalidwe lina. Imayamba mwadzidzidzi, nthawi zina munthu atangokhala, mtima n'kumagunda pakati pa ka 150 ndi ka 250 pa mphindi, ndipo imalekanso mwadzidzidzi. Wodwala amamva chizungulire, kubanika, kufooka kapena kugunda m'khosi. Khalidwe loyamba ndi kuleka mwadzidzidzili ndi limene mawu akuti paroxysmal amanena. Kafukufuku wa m'dera la Marshfield, ku Wisconsin, wofalitsidwa m'chaka cha 1998, anapeza vutoli mwa anthu oposa 2 pa 1,000 aliwonse, ndipo amayi anali pangozi yolidwala kawiri kuposa abambo.

5. Mitundu ya matendawa

(a) Kuzungulira kwa uthenga pamfundo yapachipata. Anthu ena ali ndi tinjira tiwiri pamfundoyi, kena kofulumira, kena kochedwa. Uthenga ukatsika ndi kanjira kamodzi n'kukwera ndi kenako, umayamba kuzungulira osalekeza, monga mthenga wotulukira khomo lakutsogolo n'kulowera lakuseri mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse umagunditsa mtima. Madokotala amalemba kuti AVNRT. Mtundu uwu ndi umene umapezeka kwambiri, mwa odwala pafupifupi 6 pa 10 aliwonse a SVT yadzidzidzi.

(b) Kuzungulira kodzera m'njira yowonjezera. Ena amabadwa ndi njira ina yolumikiza zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, yolambalala mfundo yapachipata. M'chaka cha 1930 Louis Wolff, John Parkinson ndi Paul Dudley White anafotokoza odwala 11 a vuto lotere, ndipo n'chifukwa chake limatchedwa Wolff-Parkinson-White kapena WPW. Njira yowonjezerayo ilibe mlonda woimitsa uthenga, ndipo mwa odwala owerengeka imatha kudzetsa ngozi ya imfa.

(c) Kugunda koyambira pamalo osayenera. Kachigawo kena ka m'chipinda cham'mwamba kamalanda ntchito ya mfundo yoyambitsa n'kumatumiza uthenga wakewake mofulumira. Dzina la Chingerezi ndi atrial tachycardia.

(d) Kukupiza kwa zipinda zam'mwamba. Uthenga umazungulira bwalo lalikulu, kawirikawiri m'chipinda cham'mwamba chakumanja, pafupifupi ka 300 pa mphindi. Mfundo yapachipata nthawi zambiri imadutsitsa uthenga umodzi pa mauthenga awiri aliwonse, kotero kuti kugunda komveka pamkono kumakhala pafupifupi ka 150. M'Chingerezi amati atrial flutter, pofanizira ndi mbalame yokupiza mapiko, ndipo fanizoli likumveka bwino m'Chichewa.

(e) Kunjenjemera kwa zipinda zam'mwamba. Apa dongosolo limatheratu. Zipinda zam'mwamba zimangonjenjemera osafinya magazi mokwanira, ndipo kugunda kwa pamkono kumakhala kopanda ndondomeko. Dzina la Chingerezi ndi atrial fibrillation kapena AF.

Onani kuti mitundu yonse isanu imayambira pamwamba pa zipinda zam'munsi. Komabe madokotala akanena kuti SVT nthawi zambiri sawerengera AF, chifukwa ngozi zake ndi chithandizo chake ndi zosiyana. Mlembi asaike dzina limodzi m'malo mwa linzake. Asasokonezenso mitundu yonseyi ndi kagundidwe kosokonekera koyambira m'zipinda zam'munsi, kamene kawirikawiri ndi koopsa kwambiri ndipo kangathe kupha munthu m'mphindi zochepa.

6. Kuzindikira matendawa

Chipangizo chachikulu chozindikirira kagundidwe ndi ECG. Willem Einthoven wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, ndi amene anakonza makina oyamba odalirika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1924. Makinawa amalemba uthenga wa magetsi a mtima ngati mizere yokwera ndi kutsika papepala. Vuto likayambira m'mwamba, uthenga umatsikira m'zipinda zam'munsi kudzera m'njira yanthawi zonse, ndipo nsonga za mizereyo zimakhala zopyapyala. Likayambira m'munsi, nsongazo zimatambasuka. Umu ndi mmene dokotala amayambira kulondola malo a vuto.

Alembi ena amatchula ECG kuti kujambula mtima. Mawuwa akusocheretsa, pakuti anthu amawamva ngati ekisire kapena sikani yoonetsa maonekedwe a mtima. Ndi bwino kulemba kuti kuyeza magetsi a mtima, ndipo chotuluka m'makinamo chitchedwe pepala la ECG.

Chovuta n'chakuti SVT imaleka yokha. Wodwala akamafika kuchipatala, mtima umakhala utabwerera mwakale ndipo pepala la ECG silionetsa kanthu. Pepala lotere silitsimikiza kuti munthuyo alibe matenda, ndipo apa ndi pamene ambiri amabwezedwa ndi mawu oti ndi nkhawa. Pofuna kuthetsa vutoli, Norman Holter wa ku Montana anakonza makina ovala m'thupi, amene amalemba kagundidwe kwa tsiku lathunthu kapena masiku awiri munthu akugwira ntchito zake. Makinawa anayamba kufala m'zaka za m'ma 1960 ndipo amatchedwa ndi dzina lake. M'zaka zomwezo ofufuza a ku Amsterdam, motsogozedwa ndi Dirk Durrer, anasonyeza m'chaka cha 1967 kuti polowetsa timawaya mumtima kudzera m'mitsempha ya magazi, dokotala angathe kuyambitsa ndi kuimitsa SVT mwadala. Zimenezi zinatsimikiza kuti mitundu yambiri imachokera ku kuzungulira kwa uthenga, ndipo zinatsegula njira yopezera malo enieni a vuto.

7. Chithandizo ndi mawu ake

Popeza mitundu iwiri yoyamba ija imadalira uthenga wodutsa pamfundo yapachipata, kuimitsa uthengawo kwa kanthawi kumadula kuzungulira konse. Njira yoyamba ndi yotchedwa Valsalva, kutengera dzina la Antonio Maria Valsalva, katswiri wa ku Bologna amene anailemba m'chaka cha 1704. Munthu amakankha mpweya mwamphamvu njira yotulukira ili yotseka. Chichewa chili kale ndi mneni woyenera, ndiye kutchima. Kutchimako kumadzutsa mtsempha wa kuubongo wotchedwa vagus, umene umachedwetsa mfundo yapachipata.

M'chaka cha 2015 kafukufuku wotchedwa REVERT, wochitika m'zipatala 10 za ku England pa odwala oposa 400, anayerekeza njira ziwiri zochitira zimenezi. M'njira yakale wodwala ankauzira mpweya mwamphamvu kwa masekondi 15 atakhala motsamira, ndipo mtima unabwerera mwakale mwa odwala 17 pa 100 aliwonse. M'njira yatsopano, wodwala atangomaliza kuuzira ankagonekedwa chagada ndi kukwezedwa miyendo kwa masekondi 15, ndipo chiwerengerocho chinafika pa 43. Njirayi sifuna mankhwala kapena makina odula, kotero ndi yothandiza ngakhale m'zipatala zazing'ono. Komabe wolemba za njirayi anene momveka kuti ndi ya munthu amene matenda ake anazindikirika kale ndipo anaphunzitsidwa ndi achipatala. Womva kupweteka pachifuwa, wobanika kwambiri kapena wokomoka athamangire naye kuchipatala.

Kutchima kukalephera, amabaya mumtsempha mankhwala a adenosine, amene amatseka mfundo yapachipata kwa kanthawi ndipo mphamvu yake imatha m'masekondi owerengeka. Wodwala akakhala kuti wafooka kwambiri, amamugoneka tulo n'kumupatsa mphamvu ya magetsi pachifuwa kuti kagundidwe kabwerere. Palinso mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku ochepetsa kubwerera kwa vutoli.

Chithandizo chothetseratu matendawa chinayamba ndi opaleshoni. M'chaka cha 1968 Will Sealy wa ku Duke University anatsegula chifuwa cha msodzi wa zaka 32 wodwala WPW n'kudula njira yowonjezera ija. M'chaka cha 1981 Melvin Scheinman wa ku San Francisco anafikira vuto la kagundidwe kudzera m'kawaya kolowetsedwa mumtsempha, osatsegula chifuwa. M'chaka cha 1991 gulu la Warren Jackman la ku Oklahoma linafalitsa zotsatira za odwala 166 a njira yowonjezera amene anathandizidwa ndi kawaya kotenthetsa kunsonga, ndipo chithandizocho chinatheka mwa odwala 99 pa 100 aliwonse. Kenaka m'chaka cha 1998 Michel Haïssaguerre wa ku Bordeaux anasonyeza kuti AF nthawi zambiri imayambitsidwa ndi uthenga wochokera pamalo pamene mitsempha yochokera kumapapo imalowera mumtima, ndipo njira yomweyo inayamba kugwiritsidwa ntchito pa AF.

Chithandizochi m'Chingerezi ndi catheter ablation. Kuchimasulira kuti kuwotcha mtima kungathawitse wodwala, ndiponso kukuyandikira chining'a choti kupsa mtima. Malo otenthedwawo ndi a mamilimita owerengeka chabe, ndipo cholinga ndi kuletsa uthenga kudutsa. Choncho tizilemba kuti kutseka njira yosokoneza kagundidwe.

AF ili ndi ngozi yakeyake. Magazi osafinyidwa bwino m'chipinda chonjenjemera amaundana, ndipo kachibulu kakapita kuubongo munthu amafa ziwalo. Kafukufuku wa ku Framingham, wofalitsidwa m'chaka cha 1991, anapeza kuti AF imachulukitsa ngozi imeneyi pafupifupi kasanu. M'mayiko athu a kuno kummwera kwa Africa, AF imagwiranso achinyamata amene zitseko za mtima wawo zinaonongeka kutsatira zilonda za kukhosi zosachizidwa paubwana. Kafukufuku wotchedwa INVICTUS, wofalitsidwa m'chaka cha 2022, anatsata odwala otere oposa 4,500 m'mayiko a ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo anapeza kuti omwa mankhwala akale a mtundu wa warfarin anamwalira ochepa poyerekeza ndi omwa mankhwala atsopano a rivaroxaban. Mankhwala onsewa tiziwatchula kuti oletsa magazi kuundana. Mawu akuti "mankhwala ochepetsa magazi" ndi olakwika ndiponso oopsa, pakuti kwa ife kuchepa kwa magazi ndi matenda, ndipo wodwala womva choncho angathe kuleka kumwa mankhwala amene akumuteteza.

8. Mndandanda wa mawu

Atria: zipinda zam'mwamba za mtima
Ventricles: zipinda zam'munsi za mtima
Heart valves: zitseko za mtima
Heart rate: liwiro la kugunda kwa mtima
Heart rhythm: kagundidwe ka mtima
Arrhythmia: kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima
Sinus node: mfundo yoyambitsa
Atrioventricular node: mfundo yapachipata
Accessory pathway: njira yowonjezera
Re-entry: kuzungulira kwa uthenga
Supraventricular tachycardia: kugunda kofulumira koyambira m'zipinda zam'mwamba
Paroxysmal: koyamba ndi kuleka mwadzidzidzi
Atrial flutter: kukupiza kwa zipinda zam'mwamba
Atrial fibrillation: kunjenjemera kwa zipinda zam'mwamba
Catheter ablation: kutseka njira yosokoneza kagundidwe
Anticoagulants: mankhwala oletsa magazi kuundana

9. Zoyenera kutsata polemba

Choyamba, mawu ofupikitsidwa monga SVT, AF, WPW ndi ECG alembedwe ndi zilembo zazikulu monga momwe alili, chifukwa ndi amene wodwala adzawaone m'buku lake la kuchipatala. Powatchula koyamba m'nkhani, tanthauzo la Chichewa liyambe, chidulecho chitsatire. Chachiwiri, mayina a anthu ndi a mankhwala, monga Holter, Valsalva ndi adenosine, asasinthidwe kalembedwe. Chachitatu, mawu akuti m'mwamba asaime pafupi ndi dzina loti mtima popanda dzina loti zipinda. Chachinayi, mivekero monga phaphapha ndi yabwino pogwira mawu a wodwala, koma isalowe m'malo mwa dzina la matenda. Pambali pake pakhale mfundo zimene dokotala amafuna, monga mmene kugundako kunayambira, nthawi imene kunatenga ndi mmene kunathera.

Ena anganene kuti mayina a mumndandandawu ndi aatali. N'zoona, koma dzina la Chingerezi nalonso ndi lalitali, ndipo kutalika kwake kukuchokera pa kutchula malo. Tikachotsa mawu onena za zipinda zam'mwamba, wowerenga sangasiyanitse vuto limene lingaleke ndi kutchima ndi vuto la m'zipinda zam'munsi lofuna chithandizo cha nthawi yomweyo. Mawu onsewa tawapereka kuti ayesedwe m'kalasi, m'nyuzipepala ndi pawailesi. Aphunzitsi, akonzi ndi ogwira ntchito zachipatala amene akudziwa mawu ena ogwiritsidwa ntchito m'madera awo akupemphedwa kulembera Mkonzi, kuti mndandandawu ukonzedwe usanakhazikike m'mabuku a sukulu.